Malire Anapita pa Wilibala

Nthawi inali itangopitirira 6 koloko m'mawa, Lolemba la m'mwezi wa Meyi, ndipo a Benedicta anali atadzaza kale ndowa imodzi ya kwale. Anakhala pa thumba lakale la feteleza, miyendo atatambasula, hamala ili kudzanja lamanja. Kumanzere anagwira kamphira kozungulira, kodula ku tayala, kamene amaikamo mwala kuti usathawe akaumenya. Kwale ndi timiyala toswa tija timene omanga amasakaniza ndi mchenga ndi simenti. Ntchito ya a Benedicta ndi imeneyo, ndipo kuno kwa Mbedza tinaizolowera. Ukamva kho! kho! kho! kuseri kwa nthochi zawo, umadziwa kuti ana adzuke, nthawi ya sukulu yayandikira.

Tsiku limenelo hamala inasiya kulira nthawi isanakwane. A Dunstan, mmisiri amene akumanga nyumba yaikulu kumtunda kwawo, anatsetsereka atanyamula chingwe ndi zikhomo, pepala lili m'thumba la malaya. Anapereka moni bwinobwino. Atatero anakakhoma chikhomo pa mtengo wa mango wa kumsewu, n'kuyamba kukoka chingwe. Chingwecho chinadutsa pa nthochi, chinadutsa pa thandala la mbale, chinakagunda khoma la nyumba ya a Benedicta. A Dunstan anaima, anakanda m'mutu, anazungulira nyumbayo n'kukapitiriza mbali inayo mpaka pa mwala wochapirapo zovala umene uli kuseri.

"Kodi a Dunstan, mukundimangira chingwe choyanikapo zovala?" anafunsa a Benedicta, hamala ikadali m'manja.

"Ayi mayi, ndi mpanda. Madamu eni nyumba tikumangayi akuti tiyambe kukumba sabata ino."

"Mpanda wodutsa kuchipinda kwanga? Ndiye ine ndizigona mutu kwanu, miyendo kwathu?"

A Dunstan sanaseke. Anatulutsa pepala lija, lojambulitsa pa makina, n'kuwerenga pang'onopang'ono kuti: "Malire ayambira pa mtengo wa mango wa kumsewu mpaka pa mwala waukulu." Analipinda n'kuloza mwala wochapirapo uja ndi chibwano. "Mango ndi awo. Mwala waukulu pano ndi uwu. Wina mukuuona?"

A Benedicta anayang'ana kumtunda, kumene kunali mulu wa mchenga ndi masamba a maungu. Mwala umene pepalalo linkanena ankaudziwa kuposa munthu aliyense. Anali atauswa okha ndi manja awo, n'kuugulitsa pa wilibala.

A Benedicta anabadwira pamalo pomwepa mu 1968. Agogo awo aakazi anachokera ku Mozambique, anakhalako pang'ono ku Phalombe, kenako anadzapempha malo m'munsi mwa phiri la Zomba. Kwawo malo amayenda ndi ana aakazi, ndiye munda unachoka kwa agogo kupita kwa mayi awo, kuchoka kwa mayi awo kufika kwa iwo. Sukulu analekezera Sitandade 3. Amanena okha kuti palibe anawaletsa, anangoona kuti anzawo okwera phiri kukatola nkhuni akuvala nsalu zatsopano pamene iwo yunifolomu inali zigamba zokhazokha. Anakwera phirilo zaka zambiri, kutsika ndi mtolo wautali kuposa eni ake, kukagulitsa m'tauni.

Kuphiri komweko ndi kumene anakumana ndi a Gilson, amene ankacheka matabwa a paini. A Gilson anabwera kudzakhala chikamwini, anamanga kanyumba ka zidina kofolera udzu, ndipo anabereka ana atatu. Awiri aamuna anakwatira kutali. Wotsiriza ndi wamkazi, Pempho, amene akukhala nawo mpaka pano pamodzi ndi ana ake awiri. A Gilson anamwalira mu 2009 ndi matenda a m'chifuwa. Nthawi imeneyo n'kuti mawondo a a Benedicta atayamba kale kulikana phiri.

Tauni siinafike kuno ndi phokoso. Inkabwera Loweruka lokhalokha, anthu ovala bwino akutsika m'galimoto, akuloza minda ya eni ndi makiyi. Pakapita miyezi umangoona pamene panali chinangwa pakumbidwa maziko. Ena ankamanga zokhalamo okha, ena zipinda za lendi, poti ana a sukulu ya ukachenjede ya ku Chirunga ndi anthu a pantchito pogona sipawakwanira. Tsono aliyense womanga amafuna kwale. Mayi wina dzina lake Sarah, amene anaphunzira ntchitoyi ku Blantyre, ndiye anawaonetsa a Benedicta kagwiridwe ka hamala. Miyala m'munda mwawo inalimo yambiri, yomwe kale ankaitukwana kuti imathyola makasu.

Mwala waung'ono umangofuna mkono. Waukulu umafuna moto. A Benedicta amaunjika nkhuni, mapesi ndi tayala lakutha m'mbali mwa mwalawo, n'kuyatsa m'mawa. Pofika masana mwala watentha moti sungauyandikire, ndiye amathirapo madzi ozizira ndowa ziwiri nthawi imodzi. Umalira ngati mfuti, n'kusendeka zibanthu zikuluzikulu. Zibanthuzo amazigawa ndi hamala yaikulu, kenako amakhala pansi ndi yaing'ono. Tsiku likayenda bwino amadzaza wilibala imodzi. Zala zawo zina zilibe zikhadabo, koma akakugwira dzanja popereka moni umamva ngati chitseko chakupana.

Pakati pa mundawo panali mwala umodzi umene sankaukhudza. Unali waukulu ngati kanyumba ka chipinda chimodzi, pamwamba pake posalala bwino moti ungayalepo mphasa zinayi. Amayi a pamudzipo ankayanikapo makaka, chinangwa chosenda chija, chifukwa pankatentha msanga ndipo nkhuku sizinkakwerapo. Aliyense ankautcha mwala wa makaka. Ukamuuza mwana kuti kaitane amako ku mwala wa makaka, sankafunsa kuti uli kuti.

Mu 2016 banja linagwirizana kugulitsa mbali ya kumtunda ya mundawo. Amene anayendetsa nkhaniyo anali a Tobias, mlongo wawo wamkulu wa a Benedicta, poti ndiwo mwini mbumba. Wogula anali a Brenda, mayi wogwira ntchito ku Lilongwe. Anabwera tsiku limodzi lokha, anazungulira malowo, ndipo a Tobias analemba pangano pa pepala long'amba mu kope ya sukulu. Anayamba kulemba kuti mwala wa makaka, koma anaona kuti munthu wa ku Lilongwe sangamve, ndiye anafufuta n'kulembanso pepala lina kuti mwala waukulu. Madoda awiri anasaina ngati mboni, amfumu anadinda, a Benedicta anadinda chala. A Brenda anabwerera kwawo, ndipo puloti inakhala thengo zaka zisanu.

Mu 2021 kunafika a Dunstan ndi gulu lawo kudzayamba nyumba ya zipinda khumi za lendi. Iwo kwawo ndi ku Malosa, za malowa sankazidziwa. Atagula kwale kwa a Benedicta kangapo, miyala ing'onoing'ono ya m'munda inatha.

"Mayi, kwale wochokera kutali akutipweteka ndi galimoto," anatero a Dunstan tsiku lina. "Chimwala ichi chikungokhala. Bwanji osachiyamba? Wilibala siingatope n'komwe, pafupi chonchi."

A Benedicta anauyang'ana mwalawo. Makaka anali atasiya kuyanikapo, chifukwa minda ya chinangwa inali itasanduka mapuloti. Za pepala lija sanaganizeko ngakhale pang'ono. Kwa iwo malire sanali pa pepala, anali m'mutu, ndipo ankaona ngati aliyense akuwadziwa monga mmene amadziwira njira ya kutchalitchi. M'mawa mwake anaunjika nkhuni.

Mwalawo unawatengera zaka ziwiri. Wilibala ndi wilibala unkakwera kumtunda, kukalowa m'maziko, m'zipilala ndi pansi pa zipinda za a Brenda. Ndi mwala womwewo umene unawamangira a Benedicta nyumba yawo yatsopano, ya njerwa zootcha, zipinda ziwiri ndi pabalaza, malata pamwamba, simenti pansi. Kanyumba ka udzu ka a Gilson anakagwetsa. Amati tsiku loyamba mvula kugwa pa malatawo sanagwire ntchito iliyonse, anangokhala pampando n'kumamvetsera. Mwala utafika polingana ndi nthaka, hamala inayamba kungodumpha, ndiye anausiya. M'mwezi wa Marichi 2023 chimvula chija chinatsitsa matope kuchokera kuphiri n'kukwirira malo onsewo. Pambuyo pake antchito a a Dunstan anasalaza, n'kuyamba kutsitsirapo mchenga. A Benedicta anayamba kukatenga miyala kukhwawa.

Ndiye Lolemba lija, chingwe chili pa khoma lawo, anatuma Pempho kuti akaitane a Tobias. A Tobias anafika pa njinga cha m'ma 9 koloko, thukuta lili kamukamu. Atamva nkhani anagwira pakamwa.

"Aaa, achemwali! Mwadya malire?"

"Achimwene, musandiyambe. Munalemba ndinu. Mwala unali ndi dzina lake, inu n'kukalemba kuti waukulu. Kuno ku Zomba mwala waung'ono munauona kuti?"

"Ine ndimati nditani? Ndimadziwa kuti mudzautafuna?"

A Dunstan anaimbira foni a Brenda n'kuikweza mawu kuti onse amve. A Tobias anafotokoza zonse, kuti mwala wa pa pepala unali wina, unali kumtunda, ndipo kulibenso. A Brenda anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo Tobias, sikuti ndikukunenani bodza," anatero. "Koma inu ndi mlongo wawo, munganene china? Mboni zija zili kuti?"

Mboni zonse ziwiri zinali zitamwalira. Amfumu amene anadinda nawonso anali atapita.

"A Dunstan, inu mukuti bwanji?"

"Madamu, mwala unalipo, sindikana, kwale ndinagula ndine. Koma ngati ndi womwe uli pa pepala, ine sindingalumbire. Tsiku logulitsana kunalibeko ine."

"Ine ndikukumbukira kuti panali mwala, basi," anatero a Brenda. "Udzu unali wautali. Ndibwera Loweruka. Musakumbe kanthu mpaka ndifike. Koma Loweruka ndikapeza mwala umodzi wokha, mpanda udzapita pa mwala umenewo. Nyumbayo tidzaona kuti titani nayo."

Foni itaduka, a Tobias anayamba kunena za kupita kwa amfumu atsopano, za kukhoti, za munthu wina amene amadziwa malamulo. A Benedicta anawasiya alankhule. Atamaliza anawauza kuti, "Mwala suthera pamene maso athera. Tsinde lake ndinalisiya pansi. Likadalipo." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu.

Vuto linali loti malowo anali atasintha. Chitsa chimene ankayezera chinazulidwa, kanjira ka wilibala kanafafanizika, ndipo kutsogolo kunali chinyumba chimene kale kunalibe. Lachiwiri anakumba pamene masamba a maungu anachulukana, poti ankaona ngati ndi pamenepo. Anakumba mpaka m'chiuno. Anapeza dothi lofiira, zidutswa za njerwa ndi botolo losweka. Anthu odutsa mumsewu ankaima.

"Amake Pempho, mwayamba migodi? Mukapeza golide mutikumbukire!"

"Ayi, akukumbira alendi chimbudzi, amenewo ndi neba wabwino!"

A Benedicta ankangoti, "Pitani, mungachedwe ku ntchito zanu zopanda thukutazo," n'kupitiriza.

Lachitatu anasuntha mapazi asanu n'kukumba dzenje lina. Mmenemonso munalibe kanthu. Madzulo ake anakhala pakhonde. Pempho anawauza kuti mwina angovomera, chipinda chimodzi chikagwa chinacho chitsala. Mayi ake anamufunsa kuti, "Khoma limodzi ukalichotsa, denga ligwira mphepo?" Onse ankadziwa kuti chingwe chija chikadutsa pamenepo, nyumba yonse yatha, ndipo mwala wina womangira nyumba yachiwiri kunalibe, ngakhalenso mphamvu zake.

Lachinayi m'mawa a Benedicta sanatenge khasu. Anaima pakati pa maungu aja manja ali m'chiuno. Maunguwo palibe anawabzala, ankangomera okha chaka ndi chaka, onenepa kuposa a m'dimba. Anadzifunsa kuti dothi la matope ofiira lingabereke bwanji maungu otere popanda manyowa. Kenako anamenya m'manja kamodzi. Phulusa! Zaka ziwiri akuyatsa moto pamalo amodzi, phulusa lonselo linapita kuti? Maungu ankadya phulusa limenelo. Kulakwa kwawo kunali koti anakumba pa masamba, chonsecho dzungu limayanga kutali, chimene sichiyenda ndi muzu.

Anagwada, anagwira nthambi imodzi ya dzungu n'kuyamba kuilondola ndi manja, akukwawa ngati mwana. Inawatengera kumtunda, kudutsa maenje awo awiri aja, mpaka kukalowa pansi pa mulu wa mchenga. Analondola ina, nayonso inakathera komweko. Yachitatu chimodzimodzi.

"A Dunstan, mchenga wanuwu wakhala pa mwala wanga. Ndiusuntha."

A Dunstan anayang'ana mulu uja, anayang'ana mayiwo. "Mukausuntha musausakanize ndi dothi," anatero. Atayenda pang'ono anabwerera, n'kuwasiyira mafosholo awiri ndi wilibala.

Anagwira atatu, a Benedicta, Pempho ndi a Tobias, amene anavula malaya n'kumadandaula za msana fosholo iliyonse. Pofika masana mchenga unali utachoka. Atakumba mpaka m'mawondo, dothi linasintha, linayamba kutuwa, kenako kuda. Khasu la Pempho linakola chinthu, ndipo atakoka anatulutsa mawaya adzimbiri opotanapotana. A Benedicta anawatenga m'manja n'kuseka koyamba sabata imeneyo. Anali mawaya a m'matayala amene ankawotcha. Anatenga khasu okha n'kumenya kawiri. Kachitatu linalira ngwe! mpaka dzanja linachita dzanzi.

Lachisanu lonse anathera kufukula m'mbali kuti tsinde lonse lionekere. Analisesa ndi tsache, analitsuka ndi madzi. Linali thanthwe lakuda ndi mwaye, lodzaza zipsera za hamala, lalikulu moti a Tobias atayenda pamwamba pake anawerenga mapazi asanu ndi awiri.

A Brenda anafika Loweruka cha m'ma 10 koloko. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi, wosachedwa ndi moni wautali. Anaima m'mphepete mwa dzenjelo nthawi ndithu. Anauza a Dunstan kuti ayeze ndi tepi. Tsindelo linakwana mamita asanu ndi limodzi. Anapita kukayeza mwala wochapirapo uja, sunakwane ngakhale awiri.

"Chabwino, mwala unalipo, ndipo unali waukulu," anatero a Brenda. "Koma mayi, ndidziwa bwanji kuti ndi womwe tinaimapo tsiku lija? Miyala kuno ili paliponse."

A Benedicta anapukuta manja pa chitenje. "Madamu, tsiku lija munavala nsapato zazitali kumbuyo, zofiira. Munati mukufuna kuona puloti yonse, ndiye achimwene awa anakugwirani dzanja, munakwera pamwamba. Pamwambapo panali zinthu zoyera zoyanika. Munaziponda."

A Brenda anachotsa magalasi. "Kodi munali inu? Mayi uja anandikalipira m'Chilomwe, anthu onse akumva?"

"Sindinakalipe. Ndinangofunsa ngati kwanu chakudya amachiponda."

"Munakalipa, mayi. Mawu sindinawamve, koma nkhope ndinaimva. Ndinafika mpaka ku Balaka ndikuchitabe manyazi."

Anthu amene anasonkhana mumsewu anaseka. A Benedicta analoza kuseri kwa nyumba. "Tsono pitani mukauone mwala wochapirawo. Ndi wopendekeka, ndi wa ndere, madzi sauma. Munthu wamisala yekha ndi amene angayanikepo makaka. Ndipo ndi nsapato zija simukanakwerapo, mukanathyoka mwendo."

A Brenda sanapiteko. Anavalanso magalasi n'kufunsa kuti, "Nanga mwalawo unapita kuti?"

"Uli m'nyumba mwanu. Zipinda zonse khumi zakhala pa iwo."

A Brenda anatembenukira a Dunstan, amene anali atayamba kupinda tepi mosamala kwambiri ngati ndi ntchito yovuta. Kenako anabwerera kwa a Benedicta. "Ndiye kuti mwala wa pamalire, theka lake linali langa. Mwandigulitsa mwala wanga womwe."

"Mwala ndi wa Mulungu, madamu. Ine ndinagulitsa mkono."

Anthu anasekanso, koma a Brenda sanaseke nawo. Anazungulira dzenjelo n'kukaima kumunsi kwake, mbali yoyang'ana nyumba ya a Benedicta. Ananena kuti nyumba siigwetsedwa, zimenezo zatha. Koma popeza chizindikiro cha malire anachiwononga ndi a Benedicta popanda kufunsa, chingwe sichidutsa pakati pa tsindelo, chidutsa m'mphepete mwake mwa kumunsi, pamene iwo anaima.

A Tobias analumpha. "Ayi madamu, zimenezo ndiye ayi! Chiyambire makolo, malire a mwala kaya a mtengo amadutsa pakati. Funsani aliyense pano."

"Achimwene, khalani chete," anatero a Benedicta. "Zanu munalemba kale."

Anauza a Dunstan kuti akoke chingwecho pamene madamu akunena, aone ndi maso. A Dunstan anazula chikhomo pa mwala wochapira, anakachikhoma kumunsi kwa tsinde lija, n'kukoka kuchokera pa mango. Chingwe chinadya nthochi zonse, chinadya thandala, chinadyanso pamthunzi pamene a Benedicta akhala akuswerapo miyala zaka khumi ndi zisanu. Koma nyumba chinaisiya. A Benedicta anayenda pakati pa chingwe ndi khoma, mapewa sanagunde mbali iliyonse. Anatsegula zenera la kuchipinda kuti aone ngati likutseguka lonse. Anayang'ana m'mwamba kuona pamene madzi a malata azigwera, ndipo anaona kuti azigwera kwawo. Anaitana Pempho kuti adutse ndi ndowa pamutu. Anadutsa.

"Nthochi zimabzalidwa," anatero. "Zikhale choncho."

A Brenda anati mapepala a mu kope atope nawo. Lachinayi lotsatira adzatumiza munthu wopima malo ndi makina ake, adzaike mabikoni, zizindikiro za malire za simenti, m'makona onse, ndipo padzalembedwe pepala latsopano la manambala. Asanakwere galimoto anafunsa a Dunstan ngati kwale wa mpanda alipo wokwanira. A Dunstan anati ayi. A Brenda anayang'ana mulu wa a Benedicta, anati, "Mutenge pomwepa. Koma mufunse kaye kuti wachokera pati."

Lolemba lotsatira hamala inalira mochedwa, chifukwa a Benedicta anayamba ndi kusamutsa katundu. Ine ndimakhala nyumba ya lendi kumunsi kwawo, ndiye nditaperekeza mwana wanga wamkulu kusukulu ndinabereka wamng'ono, Chiyamiko, kumbuyo n'kupita kukawathandiza kututa kwale. Malo awo atsopano ogwirira ntchito ndi kutsogolo kwa nyumba, m'mbali mwa msewu, popanda mthunzi. Anali atazika kale mitengo inayi yoti afolerepo matumba. Ana a nthochi anali atawakumba n'kuwaika m'beseni kuti akawabzale kumunsi, pafupi ndi bafa.

Titamaliza anakhala pa thumba lawo, n'kundiuza kuti ndikhale kaye. Anakoka chikope cha diso lamanzere ndi chala kuti ndione. Pakati pake pali kadontho koyera. Anati kachidutswa ka mwala kanalowamo chaka chatha, ndipo chiyambire pamenepo timanambala ta pa tepi amangotiona ngati nyerere. Pempho Lachinayi amapita ku sikelo ndi mwana, ndipo za a Tobias, anati ndisawatchule n'komwe.

"Amake Chiyamiko, inu sukulu munafika nayo Sitandade 8. Lachinayi musapite kumsika. Mubwere m'mawa, muime pafupi ndi munthu wa makinayo. Akayeza kona iliyonse, muziyang'ana pa tepi ndi maso anu, muzindiwerengera mokweza kuti ndimve. Mukatero mulembe pa mapepala awiri, lina langa, lina la Pempho. Ndipo mubwere ndi cholembera chanu, tisakabwereke cha iwowo."